Lipoti la IQ Likafika M'manja Mwanu

Mphunzitsi mnzanga, tsiku lina kholo lidzakupatsani envulopu ya lipoti la katswiri wa maganizo a ana, n'kukufunsani kuti, "Aphunzitsi, ndiye akuti mwana wangayu ndi wanzeru kapena ali ndi vuto?" Lipotilo limakhala la masamba angapo, Chingerezi chake cholimba, ndipo maso a aliyense amathamangira pa nambala imodzi, ya IQ. Maganizo anga ndi akuti nambala imeneyi ndi yothandiza, koma payokha singatiuze kuti mwana wa zaka 5 kapena 6 ali ndi mphatso yapadera kapena vuto la kuphunzira. Amene waiwerenga molakwika akhoza kupotoza sukulu yonse ya mwanayo.

Tiyerekeze ndi mwana wa Amalawi anzathu amene akugwira ntchito ku Durban, ku South Africa. Mtsikanayu ali ndi zaka 6. Kunyumba amayankhula Chichewa, posewera ndi anzake Chizulu, kusukulu Chingerezi. Aphunzitsi ake aona kuti akuchedwa kugwira zilembo, ndipo makolo asonkha ndalama n'kupita naye kwa katswiri ku Musgrave, dera la ku Berea komwe kuli maofesi ambiri a madokotala. Wayesedwa m'Chingerezi ndipo wapeza 84. Kodi pamenepa taphunzirapo chiyani?

Choyamba tidziwe tanthauzo la nambalayi. IQ si malikisi a pa 100 ngati a mayeso a teremu. Mayesowa amakonzedwa mwakuti mwana wapakatikati pa ana a msinkhu wake apeze 100. Ana pafupifupi 68 mwa 100 alionse amapeza pakati pa 85 ndi 115. Opeza 130 kapena kuposerapo ndi awiri okha mwa 100, ndipo ndi amene kawirikawiri amatchedwa amphatso. Opeza pansi pa 70 nawonso ndi pafupifupi awiri mwa 100. Komanso lipoti labwino limasonyeza malire a nambalayo, mwachitsanzo kuti 84 uja ali penapake pakati pa 79 ndi 90. Ndiye kuti mwana yemweyo atayesedwanso sabata ina akhoza kupeza 88. Pajatu mwana wamng'ono akagona ndi njala, akadwala chimfine kapena akachita manyazi ndi mlendo, mayankho amasowa. N'chifukwa chake nambala ya mwana wosakwana zaka 7 imatha kusintha kwambiri akamakula.

Funso lachiwiri ndi lofunika koposa: mwanayu akumuyerekeza ndi ana ati? Ku South Africa ana aang'ono amayesedwa kawirikawiri ndi mayeso otchedwa JSAIS, a ana a zaka 3 mpaka 7, amene bungwe la HSRC linatulutsa cha m'ma 1980. Muyeso wake woyamba unachokera kwa ana achizungu oyankhula Chingerezi ndi Chiafrikaans. Ena amagwiritsa ntchito WPPSI-IV ya mu 2012, imene muyeso wake unachokera kwa ana a ku America, ndipo pambuyo pake a ku Britain. Choncho 84 wa mtsikana wathu uja akutanthauza kuti m'Chingerezi, chimene ndi chiyankhulo chake chachitatu, wayankha mocheperako poyerekeza ndi ana oyamwira Chingerezicho. Nanga inuyo atakuyesani nzeru m'Chipwitikizi mungapeze zingati? Ann Shuttleworth-Edwards wa ku yunivesite ya Rhodes ndi anzake anasonyeza mu 2004 kuti pakati pa anthu akuda a ku South Africa, mtundu wa sukulu imene munthu anaphunzirako umasintha kwambiri zimene amapeza pa mayeso a Wechsler. Ukalamba wa mayeso nawo uli ndi mbali yake. James Flynn anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti m'maiko ambiri nambala zinkakwera ndi pafupifupi 3 pa zaka 10 zilizonse, kotero muyeso wakale ukhoza kumukweza mwana kuposa pamene ali.

Umboni wina uli pafupi ndi kwathu. Mu 1979 Robert Serpell wa ku yunivesite ya Zambia anafalitsa kafukufuku woyerekeza ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester pa ntchito yotengera zithunzi. Pojambula ndi pensulo ana a ku England anapambana. Popinda waya ana a ku Zambia, ozolowera kupanga magalimoto a mawaya, ndi amene anapambana. Poumba ndi dongo magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Maso ndi ubongo zinali zofanana, chosiyana chinali chida chimene mwana anachizolowera. Kuchokera m'maganizo otere kunabadwa mayeso a Panga Munthu, pomwe mwana amaumba munthu ndi dongo. Serpell yemweyo, pocheza ndi akuluakulu a Chichewa m'boma la Katete, anapeza kuti iwo akati mwana ali ndi nzeru amaphatikiza kuchenjera ndi kutumikira, ndiko kuti mwana wotumika ndi wodalirika. Mbali yachiwiriyi mulibe m'mayeso a IQ, chonsecho ndi imene inu mumaiona tsiku ndi tsiku. Ku Malawi nakonso, Melissa Gladstone ndi anzake anatulutsa mu 2010 chida choyezera kakulidwe ka ana aang'ono chotchedwa MDAT, chogwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wa kumudzi amazidziwa.

Chachitatu, musaime pa nambala yaikuluyo, tsegulani masamba a m'kati. Mayesowa ali ndi zigawo: kumvetsa mawu, kuganiza ndi zithunzi ndi timatabwa, kusunga zinthu m'mutu kwa kanthawi, ndi liwiro logwirira ntchito. Tinene kuti mtsikana uja wapeza 72 pa mawu koma 104 pa zithunzi. Pamenepo 84 sakulongosola chilichonse, ali ngati avareji ya munthu amene phazi lina lili pamoto lina m'madzi ozizira. Chofunika kufufuza ndi chiyankhulo ndi makutu ake. Mwana winanso akhoza kupeza 132 pa kuganiza koma n'kumalephera kuwerenga ndi kulemba. Ameneyu ali ndi mphatso ndi vuto nthawi imodzi, ndipo ndi amene timafulumira kumutchula waulesi.

Wina anena kuti, "Basitu, mayesowa n'ngachizungu, tiwataye." Ine sindikuvomereza. Maso a mphunzitsi nawo amakondera. Timakonda mwana waukhondo, woyankha msanga, wokhala kutsogolo, ndipo mwana wachete wa kumbuyo amene amamaliza ntchito m'mphindi zisanu n'kuyamba kusokoneza anzake timamuona ngati wovuta. Mayeso ochitidwa bwino amatha kuvumbula mwana wotereyu. Amathandizanso kupeza msanga mwana wofunika chithandizo chapadera asanabwereze kalasi kawiri katatu. Alfred Binet, amene anakonza mayeso oyamba ku Paris mu 1905 pamodzi ndi Théodore Simon, cholinga chake chinali chomwechi, kupeza ana ofunika kuthandizidwa, ndipo iye ankatsutsa zoti nzeru za munthu sizingakule.

Tsono muchite chiyani lipoti likafika? Musamasulire nokha ngati dokotala. Ku South Africa ntchito yoyesa ndi ya akatswiri olembetsedwa ku HPCSA, ndipo muli ndi ufulu wowafunsa, makolo atalola, kuti anagwiritsa ntchito mayeso ati, m'chiyankhulo chanji, ndi muyeso wa ana ati. Onetsetsani kuti mwana wapimidwa maso ndi makutu. Funsani makolo ngati anadwalapo malungo aakulu kapena kutuluka mafinya m'khutu, ndiponso mmene amachitira pakhomo: kodi amatumika, amavala yekha, amafotokoza nkhani m'Chichewa momveka? Ngakhale madokotala satchula mwana kuti ndi wolumala m'nzeru chifukwa cha nambala yokha asanaone zimenezi. Kenaka ikani lipotilo pambali pa makope ake ndi zolemba zanu. Ndondomeko ya SIAS ya mu 2014 ku South Africa imayambira pomwepa, pa mphunzitsi ndi kholo, nkhani isanapite ku komiti ya pasukulu ndi ku boma.

Pomaliza, samalani pakamwa. Mukauza kholo kuti "mwana wanu ndi wa 84", mawuwo adzafika kwa agogo, kwa anzake, ndi kwa mwini wakeyo, ndipo akhoza kusiya kuyesetsa. Mukamuuza mwana wa 132 kuti ndi jiniyasi, adzayamba kuopa ntchito iliyonse imene angalakwitse. Kholo liuzeni zimene mwana akutha, zimene zikumuvuta, ndi zimene inu ndi iwo muchite teremu ino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito: Sankhani mwana mmodzi m'kalasi mwanu amene mumamuona ngati wochedwa kapena wofulumira kwambiri. Kwa milungu iwiri lembani zimene amachita bwino m'kalasi, pabwalo ndi potumidwa. Kodi ndi ziti mwa zimenezi zimene mayeso a pepala ndi pensulo akanaziphonya? Kambiranani ndi anzanu pa tsiku lokumana.