Taxa de rádio timalipira, nanga nthano zathu zili kuti?

Anzanga aphunzitsi, makolo, ndi nonse amene mumawerenga pano, pali mawu amene afala masiku ano, ngakhale pakati pa ife ogwira choko. Akuti wayilesi ndi ya makedzana, ikafa palibe chotayika, popeza aliyense ali ndi foni. Onena zimenezi amanena akuseka, foni ili m'manja, megas ali tho. Ine ndikukana, ndipo ndikana mokweza, chifukwa akugamula mlandu wa anthu amene sanawafunse n'komwe.

Chaka cha 2025 chinali chowawa kwa mawayilesi. Mu January boma la Donald Trump linaimitsa thandizo lopita kunja, ndipo bungwe la USAID linatha nalo. Mu March anakhoma ntchito za Voice of America, yomwe inkaulutsanso m'Chipwitikizi kwa ife a kuno ku Africa. Mu July nyumba yawo ya malamulo inalanda madola 1.1 biliyoni amene anali opita ku mawayilesi ndi makanema a anthu onse a m'dziko lawo lomwelo. Ngati anachita zimenezo ndi mawayilesi a kwawo, athuwa angawakumbukire?

Wina afunsa kuti za ku America zikukhudza bwanji munthu wa ku Chipanga kapena ku Zóbuè. Zikumukhudza, ndipo njira yake ndi yachidule. Wayilesi ya m'dera ilibe amalonda akuluakulu oilipira. Ndalama zake zimachokera ku zidziwitso za maliro, za mbuzi yosowa, moni wa pa ukwati, ndiponso ku mapulogalamu amene mabungwe amagula nthawi yake: za malungo, za katemera, za HIV, za kukwatiwitsa ana aang'ono. Ndalama ya mabungweyo ndi imene imagula mafuta a njinga yamoto yopitira kumidzi, kulipira magetsi, ndi kupatsa kangachepe achinyamata ongodzipereka amene amaulutsa mawu. Bungwe likachoka, wayilesi siizima tsiku lomwelo ayi. Imayamba yafa m'kati. Choyamba kutha ndi sewero, chifukwa sewero limafuna wolemba, ochita, ndi masiku oyeserera. Kenaka amasiya kupita kumidzi kukajambula mawu a anthu. Chotsala ndi nyimbo, chifukwa nyimbo za pa flash sizifuna mafuta. Mukatsegula mumva phokoso, n'kumati wayilesi yathu ilipo, pamene chatsala ndi chikuto chokha.

Anansi athu a ku Malawi anaziona kale. Anali ndi pulogalamu ya Tikwere pa MBC, yophunzitsa ana a makalasi oyambirira kudzera pa wayilesi, mphunzitsi ali m'kalasi momwemo akutsogolera. Ndalama zinali za USAID, ndipo pulojekitiyo inatha patapita zaka zochepa. Mu 2020, matenda a Covid atatseketsa sukulu, onse anathamangiranso ku wayilesi, a Malawi ndi ife omwe. Sukulu zathu zitatsekedwa mu March chaka chimenecho, ndi ana angati a m'kalasi mwanu amene anaphunzira pa intaneti? Awerengeni pa zala, mwina dzanja limodzi silitha. Nthawi ya mavuto timaidziwa njira ya ku wayilesi. Mavuto akatha timati ndi ya agogo.

Tiyeni tiione bwino nkhani ya foniyi. Megas amagulidwa, ndipo amatha. Mawu a pa wayilesi sagulidwa: mabatire awiri kapena kasola kakang'ono, banja lonse lamva, ndi oyandikana nawo omwe. Foni imafuna munthu wodziwa kuwerenga, ndipo zolembedwamo zambiri ndi Chipwitikizi ndi Chingelezi. Mayi amene akupalira m'munda sangagwire khasu ndi foni nthawi imodzi, koma kawayilesi amakapachika pa nthambi n'kumalima akumva. Ndiponso anyamata amene mumawaona ali ndi timawaya m'makutu pa msika wa Zóbuè, ambiri mafoni awo ndi a mabatani, ndipo chimene akumvera ndi FM. Ndiye kuti foni imene mukuti yapha wayilesi yasanduka wayilesi.

Kodi taiwala kale miyezi ya October ndi November 2024? Chisankho chitatha, intaneti ya m'mafoni inkadulidwa, Facebook ndi WhatsApp osatseguka. Taiwala January 2022, pamene namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúboè mpaka mlatho kuduka? Pa tsiku lotero munthu amafuna mawu amodzi omveka, m'chilankhulo chimene amalotera, omuuza kuti usawoloke, samukira kumtunda, madzi akumwa uwiritse. Chenjezo lofika m'Chipwitikizi chokha kwa agogo a ku Nkondezi silinafike.

Koma chimene chandilembetsa kwenikweni ndi ana.

Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu pafupifupi 17 okha mwa 100 alionse m'dziko muno ndi amene anayamwa Chipwitikizi. Ena tonsefe tinachipeza kusukulu. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 9, amati boma limalemekeza zilankhulo zathu ndipo lidzazitukula. Ndipo ife a ku Tete tili ndi mbiri pa nkhaniyi: pamene dziko linkayesa koyamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, mu pulojekiti ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, zilankhulo zosankhidwa zinali ziwiri zokha, Xichangana ku Gaza ndi Chinyanja kuno. Mu 2003 maphunzirowa anayamba kufalikira m'zigawo zina, ndipo lamulo la maphunziro la 2018 linawavomereza. Pa pepala zonse zili bwino. Koma inu amene mumaphunzitsa 1ª ndi 2ª classe mukudziwa kuti kupatula buku la m'kalasi, mwana wathu alibe china chowerenga m'Chinyanja. Nyuzipepala palibe. Zikwangwani za kuchipatala, za kuboma, za kubanki, zonse ndi Chipwitikizi. Mwanayo sachedwa kuzindikira kuti chilankhulo cha amayi ake ndi cha kukhitchini ndi kudambo, cha zinthu zofunika ndi china.

Malo amodzi okha amamutsutsa maganizo amenewa. Akamva Emissor Provincial de Tete ikuwerenga nkhani za dziko lonse m'Chinyanja kapena m'Chinyungwe, akamva namwino akufotokoza za kolera m'mawu omwewo amene agogo ake amalankhula, amadziwa kuti chilankhulo chake chingathe kunyamula nkhani zolemera. Ine ndingamuuze zimenezo kakhumi pa tsiku, koma mphunzitsi ndi munthu wa pamudzi pomwepo. Mawu ochokera m'bokosi lija ali ndi ulemu wina.

Nthano nazo si zocheza chabe monga ena amaganizira. Ku IFP tinaphunzira kuti mwana amamvetsa ndi khutu asanamvetse ndi maso, ndipo m'kalasi ndaziona ndekha. Mwana amene anazolowera kukhala pansi n'kuyankha “tili tonse” kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto amadziwa kusunga m'mutu zimene zachitika kale, kuyembekezera zimene zikubwera, ndi kufunsa kuti Kalulu wachitiranji zimenezi. Kuwerenga ndi komweko. Mwana wotere akangodziwa zilembo amathamanga, chifukwa nkhani amaidziwa kale kayendedwe kake. Amene sanamvepo nthano amatchula mawu bwinobwino, koma mukamufunsa kuti wawerenga chiyani amangokuyang'anani. Ndipo mawu amene ali m'nthano ndi ochuluka kuposa a tsiku ndi tsiku: mayina a mitengo, a mbalame, a misampha, a zida za kumunda, mawu a ulemu olankhulira ndi apongozi kapena ndi mfumu. Buku la 2ª classe silingakwanitse zonsezo.

Mudzati nthano akambe agogo, osati wayilesi. Agogo ake ati? Kuno ku Moatize tikudziwa chimene chinachitika mu 2009 ndi 2010, pamene mabanja a ku Chipanga ndi midzi yoyandikana nayo anasamutsidwa kuti mgodi wa malasha upeze malo, ena kupita ku Cateme, ena ku 25 de Setembro. Mabanja anagawikana, bwalo limene ana ankasonkhanapo madzulo linatsala m'mbuyo. Akuluakulu amene ankadziwa mbiri ya malo aja, dzina la chitsime chilichonse ndi chifukwa chake, akutha mmodzimmodzi. Amene anabadwira ku Cateme lero ndi achinyamata, ndipo Chipanga yakale amangoimva. Kachipangizo kojambulira mawu ndi munthu mmodzi wolipidwa bwino akanatha kusunga zonsezo n'kuziulutsa Loweruka lililonse. Sitima zodzaza malasha zikupita ku Nacala usana ndi usiku, koma ndalama ya mafuta a njinga imodzi yoti ikajambule nkhalamba ku Cateme akuti palibe.

Kuti anthu athu amakonda nkhani zomvera, umboni suchita kusakidwa. Sewero la Ouro Negro, limene Rádio Moçambique ndi UNICEF anayamba kuulutsa mu 2015, nkhani yake ndi ya mudzi umene kwafika kampani ya mgodi, ndipo ife a kuno sitinafune wotimasulira tanthauzo lake. Ku Zóbuè, kumene mawayilesi a ku Malawi amamveka ngati a pakhomo, funsani aliyense wachikulire za Nkhani za m'maboma pa MBC, muone mmene nkhope iwalire. Ambiri mwa makolo athu anathawira ku Mwanza nthawi ya nkhondo, anabwerera mtendere wa 1992 utabwera, ndipo chizolowezi chomvera anabwera nacho. Sindikudana ndi MBC kapena Zodiak, ndimamvera nanenso. Koma MBC sidzakuuzani tsiku la katemera ku chipatala cha kwanu, kapena mtengo wa feteleza mu metikali. Mwana womvera za ku Blantyre zokha amadziwa dzina la nduna ya ku Malawi, la administrador wa boma lake osalidziwa.

Tsopano kwa anzanga amene amati Rádio Moçambique ndi m'kamwa mwa boma, ife ife tiilirirenji. Dandaulo lanu ndimalimva, makamaka nthawi ya chisankho. Sitinaiwalenso lamulo lija la Decreto 40/2018, limene linakweza ndalama za ziphaso mpaka mawayilesi a m'madera kuopa kutsekedwa, lisanachotsedwe mu 2020. Koma yang'anani risiti yanu ya Credelec. Pambali pa ndalama ya zinyalala pali taxa de rádio. Mumalipira inu, ndimalipira ine, amalipira mayi wogulitsa mandasi amene ali ndi babu limodzi m'nyumba. Chinthu chimene umalipira ndi chako. Mbuzi yako ikamadya m'munda mwa wina suisiya kuti ife, umakaitenga. Wayilesi imeneyi yakhala ilipo kuyambira 1975, ndipo palibe nyumba ina m'dziko muno imene imalankhula zilankhulo zathu zochuluka tsiku ndi tsiku ngati iyo. Tikaitaya chifukwa chokwiya ndi andale, andalewo sadzasowa polankhulira. Osowa adzakhala amayi athu.

Choncho funso langa silipita ku Washington. Azungu anapereka, atopa, ndi ndalama zawo. Cholakwika chinali kulola kuti chinthu chofunika ngati ichi chikhale m'thumba la mlendo. Funso langa likupita kwa athu omwe. Pa ndalama ya taxa de rádio yotoleredwa m'chigawo cha Tete, ndi zingati zimene zimabwerera kudzapanga mapulogalamu a m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe? Pa sabata, ndi mphindi zingati zimene zili za ana a zaka 6 mpaka 10 m'chilankhulo chawo? Bungwe la ICS, limene limayendetsa mawayilesi ambiri a m'madera m'dzina la boma, lili ndi dongosolo lanji tsopano pamene mabungwe akunja akulongedza? Awa si mafunso achipongwe. Wogula amafunsa.

Palinso thumba lina limene sitilitchula. Lamulo limati 2.75 pa 100 ya msonkho wa migodi ibwerere ku midzi ya kumene mgodi uli, ndipo Cateme, 25 de Setembro, Chipanga ndi Benga zakhala zikutchulidwa pa mndandanda wa olandira. Mijigo, zipinda za sukulu ndi misika ndi zofunika, sindikutsutsa. Koma inu amene mumakhala mu conselho consultivo, bambo mfumu, mayi wa komiti ya sukulu, ndani anakuuzani kuti chitukuko ndi simenti yokha? Mtengo wa chipinda chimodzi ungathe kulipira pulogalamu ya nthano kwa nthawi yaitali, yomveka m'makalasi onse a boma lino nthawi imodzi.

Ifenso aphunzitsi tisangoloza ena. Foni yomwe tikuinyadirayi ili ndi chojambulira mawu. Aliyense wa ife akudziwa nkhalamba imodzi yodziwa kukamba nthano mpaka ana kuiwala nsima. Pitani mukapemphe mwaulemu, munyamule kasopo kapena kashuga, mufotokoze kumene mawuwo apite, akalola mujambule pamalo opanda phokoso la chigayo. Lembani dzina la wokamba, mudzi ndi tsiku. ZIP imodzi ya sukulu zisanu itasonkhanitsa nthano ziwiri pa mphunzitsi aliyense, wayilesi ya m'dera ingakhale ndi zoulutsa miyezi ingapo popanda kudikira bungwe lililonse, ndipo sadzanenanso kuti alibe zoika.

Pa msonkhano wa ZIP ukubwerawu ndibwera ndi kalata yopita kwa mkulu wa Emissor Provincial de Tete, yopempha mphindi 30 za nthano za ana m'Chinyanja pa sabata, pa nthawi imene ana ali m'kalasi, ndi yankho lolembedwa pa mafunso a ndalama aja. Kalatayo ili m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi. Amene mukufuna kusaina, bwerani ndi risiti yanu ya Credelec tiiphatike kumbuyo kwake.