Amalume anapachika chifefe

Patchuthi chapitachi ndinapita kumudzi kwathu, kufupi ndi doko la Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, pamodzi ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 12. Mnyamatayu wakulira mu Ndirande, ndipo bakha amene amamudziwa ndi wa aneba uja amasambira m'ngalande kuseri kwa bafa. Kuchokera pa Zomba mpaka kukatsika, nkhani inali imodzi basi: agogo ake akamutengere kosaka abakha. Vuto ndi langa ndomwe. Ndakhala ndikumusimbira za amalume anga ngati kuti ndikusimba za munthu wa m'nthano.

Komatu sindinkanama. Ndili msinkhu wake, amalume ankandidzutsa tambala woyamba asanalire. Tinkadutsa kuseri kwa manda, kulowa m'dambo, madzi akufika m'mawondo, kenako kukwera bwato limene ankalibisa m'njedza. Iwo ankakankha ndi nsungwi yaitali, ine nditagwira thumba, mano akugundana ndi mphepo. Chifefe anali nacho, cha chilolezo chake, koma zipolopolo zinali zodula, choncho ankawombera pokhapokha atsekwe akatera pabwino. Ndiwo zambiri zinkachokera m'misampha ya zingwe imene ankatchera m'tinjira ta mbalame. Kukamacha, abakha aja olira ngati akuimba likhweru ankadutsa pamwamba pathu chigulu, mpaka thambo kuchita mdima.

Sanali masewera. Mbalame zinkasakidwa kwambiri nyengo ya dzinja, Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili mbee, chimanga chisanache. Tsekwe mmodzi ankagula ufa wa masiku angapo. Yunifolomu yanga yoyamba ya ku sekondale inachokera m'mapiko a mbalame, ndipo sindichita nazo manyazi.

Titafika, tinawapeza atakhala pakhonde akuluka mono. Mwana anapereka moni atagwada, monga ndinamuphunzitsira, kenako osadikira n'komwe madzi akumwa anafunsa: "Agogo, mawa tipita kudambo?"

Amalume anandiyang'ana ine, osati iye. "Mphwanga, mwanayu sunamuuze? Dambo lake liti?"

Madzulo anatitenga kuti tikaone. Kanjira kaja kuseri kwa manda kalipobe, koma ukangodutsa mtengo wa mkuyu umakumana ndi mpunga. Mpunga kumanja, mpunga kumanzere, timizere ta malire tili ndondondo mpaka kumene maso alekezera. Apa mpa mayi uje, apo anabwereka mphunzitsi wina wa ku tauni, uko anagula munthu amene m'mudzimo sanamuonepo nkhope, amangotumiza ndalama za aganyu pafoni. Pamene tinkabisa bwato pali chisakasa cha anyamata opirikitsa mbalame, atapachika zitini pa chingwe. Chifefe sungachilize pamalo pamene pali ana ndi amayi akupalira mbali zonse. Msampha nawo sungatchere m'munda mwa mwini, akuti umapondereza mbewu. Chaka china amalume anayesa, ndipo nkhani inakafika pabwalo la amfumu. Analipa nkhuku. Mlenje wa atsekwe kulipa nkhuku!

Apa wina akhoza kuganiza kuti ndikufuna kudzudzula alimi a mpunga. Ayi ndithu. Chimene chimandipweteka pankhaniyi n'chakuti amene anagawa dambolo ndi amalume omwewo. Kwathu timatsata kuchikazi, ndipo iwo ndiwo mwini mbumba. Ana aakazi a alongo awo atakula n'kukwatiwa, minda ya kumtunda inali itatha kale. Anapita okha kwa amfumu kukapempha kuti asungwanawo adulirwe kudambo. Woyamba, wachiwiri, wachitatu. Chigawo chotsiriza, chija cha pamkuyu, chinapita kwa mchemwali wanga weniweni, ndipo mpunga wa Faya umene timadya pa Khirisimasi mu Ndirande umachokera pomwepo. Ndiye ndiloze chala ndani? Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'dziko muno, pamene wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Dambo silibereka dambo linzake.

Nayo nyanja ili ndi khalidwe lake. Chilwa ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, kenako dzuwa limamwa. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 inaphwanso mbali yaikulu, mabwato ali gada pamatope ong'aluka. Nthawi zotero zinthu ziwiri zimachitika pamodzi. Asodzi amene ataya matemba ndi makumba amatembenukira ku mbalame, choncho alenje amachuluka. Komanso alimi amatsatira chinyontho, kutentha njedza n'kulima pamene panali madzi. Madzi akabwerera, munthu sabweza malo amene wakhetserapo thukuta. Amangodikira kuti aphwenso.

Alenje nawonso si angelo, ndipo amalume amavomera. Kafukufuku wa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa pa Chilwa chaka chilichonse, ndi alenje mazana angapo chabe. Ena ankatola ndi mazira omwe. Ena, aulesi, anayamba kuthira mankhwala m'madeya, zimene amalume amazitcha ufiti, poti mbalame yofa ndi poizoni imakathera m'mbale ya mwana wa munthu. Ndipotu si mbalame zonse za pa Chilwa zili zathu tokha. Zina zimauluka kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia kuthawa chisanu. N'chifukwa chake mu 1996 nyanjayi inakhala malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo ofunika padziko lonse, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO nalo linaiika pa mndandanda wa malo ake osamalira zachilengedwe.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi linathandiza alenje ozungulira nyanjayi kupanga makalabu. Anagwirizana zopatula malo oswerana mbalame amene munthu saloledwa kutcheramo, ndi nyengo yoleka kusaka. Amalume analowa nawo, ndipo mpaka lero amati zinali zanzeru. Koma tamvani mmene amaziwerengera: kumtunda kwatenga mpunga, mkati mwa njedza mwapatulidwira mbalame, ndiye mlenje watsala ndi kachidutswa kapakati. Kuti akapeze malo abwino ayenera kukankha bwato maola ambiri kulowera cha ku chilumba cha Chisi, kukagona pa zimbowera za asodzi masiku angapo. Wa zaka 30 angathe. Wa zaka zopitirira 70, mawondo akulira, sangathe.

Ndinadabwa nditamva kuti ngakhale ku America, dziko lalikulu chotero, alenje a abakha amadandaula zofananazo: minda imene kale mwini ankangokulola kulowa ukapempha bwino, lero ili ndi mpanda ndi chikwangwani, kapena anaibwereketsa kwa anthu a ndalama. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko, kuyambira mu 1934, aliyense wa zaka 16 kapena kuposerapo wofuna kusaka abakha amagula sitampu yapadera ya boma, ndipo pafupifupi ndalama zonse zimapita kogulira ndi kusamalira madambo. Mlenje amagulira bakha pogona, ndipo potero amadzigulira yekha posaka. Sindikunena kuti tikopere zimenezo mmene zilili. Mlenje wa pa Chilwa amasaka chifukwa alibe ndalama, ndiye sitampu angaigule ndi chiyani?

Maganizo anga ndi awa. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti banja lilembetse malo ake, ndipo munthu aliyense wanzeru akuthamangira kuteteza chake. Koma dambo la tonse, kumene amayi amadula njedza zolukira mphasa ndi kufolerera nyumba, kumene ng'ombe zimadya ndi kumene mlenje amatchera, lilibe womuthamangira. Mafumu ndi makomiti a malo akanati azipatula chigawo china n'kuchilemba kuti ichi n'cha mudzi, sichigawidwa ngakhale abwere mdzukulu wa amfumu amene. Ndikudziwa kuti n'zosavuta kulemba nditakhuta mpunga wa mchemwali wanga. Ndinawafunsa amalume ngati akanakana kupempha malo aja akanadziwa mathero ake. Anati, "Ukanakhala iwe, mwana wa mlongo wako akulira njala, ukanasankha bakha?" Sindinayankhe.

Tinakhala pamkuyu paja mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa phiri la Zomba. Kenako tinamva likhweru lija. Anali abakha mwina khumi ndi awiri, ali m'mwamba kwambiri, akulowera kunyanja. Amalume ananyamula ndodo yawo, kuiika paphewa, kuwatsatira nayo pang'onopang'ono, n'kunena chapansipansi kuti "phuu!" Mwana anaseka mpaka kugwa. Anyamata a m'chisakasa anagwedeza zitini zawo.

M'mawa mwake ndinawapeza awiriwo pakhonde, agogo akuphunzitsa mdzukulu kumanga msampha ndi ulusi wa thumba la feteleza. Anaphonya kanayi, kachisanu mfundo inagwira. Chifefe chili pamwamba pa chitseko, chokulungidwa m'chitenje chakale cha malemu azakhali, ndipo amalume akuti akufuna akachipereke kupolisi asanamwalire, kuopa kuti ana angadzavutike nacho.

Msampha uja tinabwera nawo ku Ndirande. Lachitatu lapitali unakola bakha wa aneba, ndipo panopa tikukambirana za mtengo wake.