Musanatsitse galimoto, yezani kaye hampu ya kwanu

Loweruka lapitali ndinakhala pa car wash ina ku Chitawira kwa maola awiri, ndipo mwa magalimoto amene analowa, asanu anali otsitsidwa. Mimba pafupi ndi pansi, tayala kubisala mkati mwa bodi, nyimbo za amapiano zili pwipwi. Mwa asanuwo, atatu analowa chammbali ngati nkhanu poopa kamtunda ka pageti, ndipo imodzi inakhulabe pansi mpaka tonse tinaluma mano. Mwini wake anatuluka akumwetulira ngati palibe chachitika.

Fashoni yotsitsa galimoto yafika mu Blantyre muno, ndipo ine sindidana nayo. Galimoto yotsitsidwa bwino imakongola, tisanamizane. Koma ndikuona mafana ambiri akusankha masipuling'i poyang'ana zithunzi za pa TikTok ndi Instagram, osayang'ana msewu umene amadutsa popita kwawo madzulo.

Zambiri zimene tikutengerazi n'zochokera ku Joni. Kumeneko Citi Golf, imene Volkswagen inkapanga ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009, komanso Polo ndi BMW yakale ija amati gusheshe, n'zimene achinyamata amatsitsa n'kumaonetsa pa mashoo. Zina tatengera ku Japan, kumene magalimoto athu ambiri amachokera. Koma ngakhale ku Japan komweko, kumene misewu ili see, lamulo limati galimoto isatsike kuposa masentimita 9 kuchokera pansi, apo ayi siipambana mayeso a boma. Nanga ife a ku Chilobwe, Bangwe ndi Machinjiri tikufuna kutsika kufika pati?

Ndikulankhula zimene ndinaona ndi maso. Msuweni wanga ali ndi Honda Fit imene anagula movutikira, ndalama za maoda a zovala za kaunjika zaka zitatu. Isanatsitsidwe tinaiyeza ndi tepi: masentimita 14 kuchokera pansi. Masipuling'i enieni anamukulira mtengo, ndiye makaniko wina anamuuza kuti, "Bwana musavutike, timangodula ndi gilayinda, mawa mudzaitenga." Anadula mikombero iwiri pa sipuling'i iliyonse. Galimoto inatsika kufika pa masentimita 8, ndipo pa Facebook inalandira malaiki osawerengeka.

Patangotha miyezi iwiri, nyengo ya mvula, atanyamula anthu anayi kuchokera ku chinkhoswe, anagunda mwala umene unabisala m'chithaphwi. Sampu inang'ambika, oyilo yense anathera mumsewu. Nyali yofiira ija anaiona, koma anati angofika kaye pa tala. Injini inagogoda. Lero Fit ija ili pamiyala kuseri kwa nyumba, ndipo maoda ake akunyamulira pa kabaza. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ine maphunziro anga a ku yunivesite anathera panjira, fizi inavuta, koma masamu a nkhaniyi safuna digiri. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan, monga Vitz, Fit, Demio ndi Note, amakhala masentimita 13 mpaka 15 kuchokera pansi. Masipuling'i otsitsira a makampani odziwika, monga Eibach ndi H&R a ku Germany kapena Tein ndi RS-R a ku Japan, nthawi zambiri amatsitsa ndi masentimita awiri ndi theka mpaka anayi. Mukakweza anzanu atatu ndi thumba la chimanga ku buti, galimoto imakhalanso pansi ndi masentimita ena angapo. Chotsalacho ndicho chidzakumane ndi hampu. Ndipo mahampu a mtauni muno alibe muyezo umodzi: ina ndi yotakata bwino, ina ndi chulu chenicheni chimene anthu a m'dera anaunjika okha atatopa ndi ngozi.

Pali njira zitatu zimene anthu akutsata, ndipo sizofanana.

Yoyamba ndi yodula kapena kuwotcha. Kudula kumafupikitsa sipuling'i moti ikhoza kusuntha pa mpando wake tayala likalendewera m'dzenje. Kuwotcha ndi moto wa gasi ndiye koipitsitsa: chitsulo cha sipuling'i chimaumitsidwa ku fakitale ndi kutentha koyeza, ndipo mukachitenthetsanso chimafooka. Chimapitiriza kutsika chokha, mbali ina kuposa inzake, ndipo tsiku lina chimathyoka. Chikathyokera pa Chipembere Highway muli pa liwiro, nkhani siikhalanso ya fashoni. Mumsewumo muli akabaza, muli ana a sukulu.

Yachiwiri ndi yogula masipuling'i otsitsira opangidwira galimoto yanuyo. Apa onetsetsani nambala ya chasisi, osangoti "ya Fit". Fit ya GE ndi ya GK n'zosiyana, ndipo ya hybrid imalemera mosiyana ndi inzake chifukwa cha batire. Ambiri mwa masipuling'i apamsewu amapangidwa mwakuti amayamba mofewa n'kumalimba akamapanikizika, zimene zimathandizako pa mabampu athuwa. Koma dziwani kuti sipuling'i yaifupi ndi yolimba imatopetsa mashoka. Ngati mashoka anu ndi omwe anabwera ndi galimoto itayenda kale makilomita 100,000 ku Japan, sachedwa kutaya oyilo, ndipo galimoto imayamba kudumpha ngati chule.

Yachitatu ndi ma coilover, amene sipuling'i ndi shoka zimabwera pamodzi ndipo mukhoza kukweza kapena kutsitsa ndi sipanala. Kwa misewu yathu nzeru yake ndi yabwino: mvula ikayamba mwakweza, chilimwe mwatsitsa. Vuto ndi mtengo, chifukwa abwino amadula kuposa masipuling'i okha kangapo, ndipo otchipa opanda dzina amauma ndi dzimbiri mvula imodzi yokha.

Tikafika pa mtengo m'pamene nkhaniyi imakumana ndi chuma cha dziko. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chilichonse cha galimoto timaitanitsa kunja. Seti ya masipuling'i a dzina imene kunja imagulitsidwa madola 300, pa mtengo wa ku banki wa pafupifupi K1,750 pa dola ikupitirira K500,000, musanalipire zonyamulira ndi msonkho wa MRA. Ndipo ndani mwa ife amapeza dola ku banki? Ichi n'chifukwa chake gilayinda ikulamulira. Anyamata sakudula masipuling'i chifukwa chopusa, akudula chifukwa enieniwo sangawakwanitse.

Koma kutchipa kumeneku n'kwa tsiku limodzi. Galimoto ikatsika, matayala amapendekera mkati ndipo amadyeka mbali yamkati pamene kunja akuoneka atsopano. Mukapanda kuchititsa alayimenti mukangotsitsa, matayala amene akanatha zaka ziwiri amatha miyezi ingapo. Onjezerani mabushi, ekizozi yokhula pansi, bampa yomangidwa ndi waya. Zonsezi zimagulidwa ndi dola yomweyo imene munkaithawa.

Mbali ina ya mlanduwu ndi ya akuluakulu. Timalipira ndalama ya misewu pa lita iliyonse ya mafuta, ndipo pa M1 timalipira pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke. Namondwe wa Freddy anawononga misewu yambiri ya mu Blantyre mu March 2023, ndipo m'makwalala ambiri a m'malokeshoni mayenje akadali pompo. Ndi ufulu wathu kufunsa khonsolo ndi a Roads Authority kuti mahampu akhale a muyezo umodzi, opakidwa penti, okhala ndi zikwangwani. Hampu yosaoneka usiku imaphwanya ngakhale galimoto yosatsitsidwa. Koma pamene tikufunsa, msewu umene ulipo ndi womwewu, ndipo sampu siidikira bajeti ya khonsolo.

Ndiye aise, ngati mtima wakana ndithu kuti utsitse, chita izi. Tenga tepi, yeza malo otsikitsitsa pansi pa galimoto muli anthu anayi mkati. Kenako pita ukaone hampu yoipitsitsa ya njira ya kwanu ndi geti la kumene umagwira ntchito. Ine pa galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku sindingapitirire masentimita atatu. Sintha masipuling'i onse anayi pamodzi, ona mashoka, chititsa alayimenti sabata yomweyo, ndipo uika chitsulo chotchinga sampu, owotcherera a ku Ndirande amachipanga bwinobwino. Masipuling'i akale usagulitse, udzawafuna pogulitsa galimoto kapena ikakanidwa COF. Afunsenso a inshuwalansi ngati kusinthako kukukhudza pepala lako, usadzamve tsiku la ngozi. Ngati galimotoyo ndi imene imakudyetsa, ya taxi kapena ya maoda, isiye momwe ilili. Gula marimu okongola, basi.

Msuweni wanga uja akusonkhanitsa ndalama ya injini ya kaunjika. Dzulo ndinamufunsa ngati Fit ikadzuka adzaitsitsenso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mani, ukudziwa amene akugulitsa masipuling'i a orijino?"

Inu kwanu hampu yoopsa ili pati? Tiuzeni m'munsimu, mwina a khonsolo awerengako.