Wailesi Yopanda Batire

Mwana wasukulu angathe kuloweza mutu wonse wa zamagetsi, nakhoza mayeso, koma osadziŵa kulumikiza mawaya aŵiri. Mankhwala a nthenda imeneyi ndiwo kumlola kuti adzipangire yekha wailesi, makamaka ija yosalira batire.

Zipangizo zake nzochepa. Pafunika waya wakopa wotalika mamita 20 womangidwa pamtengo kuti ukhale mlongoti, waya wopyapyala wokulungidwa maulendo 100 pansungwi youma, diode ya germanium, kachipangizo komvetsera kukhutu, ndiponso chitsulo chokhomedwa m'dothi lachinyezi. Mphamvu yake imachokera m'mafunde omwewo amene mlongoti wakola, ndipo diode ndiyo imatulutsa mawu m'mafundemo. M'chaka cha 1944, asilikali a ku America amene anali ku Anzio, m'dziko la Italy, adasoŵa diode, nagwiritsa ntchito lezala ndi mtima wa pensulo. Wailesizo zidalankhula.

Otsutsa adzati wailesi yotere imagwira AM yokha, pamene nyumba zambiri zoulutsira mawu zili pa FM, komanso mawu ake ngonong'ona. Akunena zoona. Koma phindu lake si nyimbo ayi. Ikakhala chete, mwana amakakamizika kufufuza: kodi mfundo yamasuka, kapena dothi lauma? Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo sayansi imayambira pomwepo. William Kamkwamba wa ku Wimbe adayamba nkuphwasula mawailesi asanamange makina ake amphepo.

Choncho mphunzitsi asadikire chipinda chodzaza ndi zida zodula. Nsungwi ilipo kale kuseri kwa sukulu.