Hulk Anachoka pa Nambala Yachiwiri

Hulk sanakhalitse m'gulu la Avengers. Analowa pa nambala 1, pomafika kumapeto kwa nambala 2 n'kuti atatsanzika kale, ndipo pa nambala 3 anali akuponyerana zibakera ndi anzake omwe aja, atagwirizana ndi Namor, mfumu ya pansi pa nyanja. Amene amadziwa ngwazi zimenezi kudzera m'mafilimu okha sangakhulupirire, chifukwa mafilimu amazionetsa ngati anthu amene anachita kubadwira kuti adzakhale limodzi. Timabuku ta nkhani za zithunzi tomwe tinayambitsa zonsezi tikunena zina. Masabata apitawa ndakhala ndikutiwerenga motsatana, kamodzikamodzi, osadumpha ngakhale kotopetsa.

Nambala 1 ya The Avengers ili ndi deti la Seputembala 1963 pachikuto, ndipo ku America inkagulidwa masenti 12. Mawu analemba ndi Stan Lee, zithunzi anajambula ndi Jack Kirby. Kampani ya DC inali itasonkhanitsa kale ngwazi zake m'gulu la Justice League kuyambira 1960, ndiye a Marvel anatolera zawo zomwe zinali ndi nkhani zakezake kale: Thor, Iron Man, Hulk, Ant-Man ndi Wasp. Chowakumanitsa ndi ngozi chabe. Loki akufuna kukola m'bale wake Thor, choncho akupusitsa Hulk kuti aphwanye mlatho wa sitima. Mnyamata wina, Rick Jones, akuitana gulu lina la ngwazi, la Fantastic Four, pa wailesi, Loki akupatutsa uthengawo kuti upite kwa Thor, koma mwatsoka lake ukumvekanso kwa enawo. Pakati pa zonsezi Hulk wabisala m'gulu la anthu ochita masewera odabwitsa, wadzipaka utoto kumaso, akunamizira kuti ndi makina, ndipo akuponya njovu m'mwamba n'kumaiwakha. Tsamba limenelo ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Kirby sanalijambule moseka ayi, analijambula ngati kuti ndi zoona zenizeni, ndipo n'chifukwa chake limaseketsa.

Kuwerenga motere kumaonetsa zinthu zimene mwachidule mwa nkhani simungazipeze. Ngwazi zimenezi sizikhulupirirana. Sizidziwana n'komwe maina enieni. Zimakumana m'nyumba ya Tony Stark, koma sizidziwa kuti Iron Man, yemwe amati ndi mlonda wa Stark, ndi Stark yemweyo. Pa nambala 2 mdani wotchedwa Space Phantom amatha kusanduka munthu aliyense, ndipo atasanduka Hulk, anzake sakuchedwa kukhulupirira kuti wayambiranso zake zija. Hulk weniweni atabwerera akuona mmene amamuganizira, n'kunyamuka. Mdaniyo wagonja, koma gulu latsala lopunguka.

Pali misonkhano, pali wapampando wosinthanasinthana, pali malamulo. Pa nambala 7 Iron Man akuimitsidwa kwa sabata imodzi chifukwa choti sanabwere ataitanidwa. Ndinaseka pamenepo, poti n'chimodzimodzi komiti ya banki m'khonde ikamakambirana za chindapusa cha membala wojomba, kungoti pano woweruza mlandu wina ndi mulungu wa ziphaliwali wanyundo m'manja.

Nambala 4, ya Malichi 1964, ndi yomwe inasintha zinthu, ndipo ndi yoyenera kuidekhera. Captain America sanali watsopano. Joe Simon ndi Kirby yemweyo anamupanga mu 1940, ndipo pachikuto cha kabuku kake koyamba akumenya Adolf Hitler chibakera cha pachibwano, America isanalowe n'komwe m'nkhondo. Nkhondo itatha anthu anayamba kumuiwala. Tsopano Lee ndi Kirby akumubweza: a Avengers akumupeza m'nyanja atauma m'madzi oundana kuchokera kumapeto kwa nkhondo ija. Akutsitsimuka akukuwa dzina la Bucky, mnyamata amene ankamenya naye nkhondo, yemwe anafa pamene ndege yodzaza mabomba inaphulika. Kenako akuyenda yekha mu New York, akuona magalimoto ndi zovala zomwe sakuzidziwa, ndipo ataona Rick Jones akuyesa kuti ndi Bucky.

Apa mpofunika kukumbukira kuti Kirby anali msilikali weniweni. Anamenya nawo nkhondo ku Ulaya ndipo anabwerako miyendo itavulala ndi chisanu. Ana omwe ankagula kabukuka mu 1964, ambiri abambo awo anali atabwera kunkhondo yomweyo zaka zosakwana 20 m'mbuyomo. Ine ndimaona kuti masamba ochepa amenewa, a msilikali wopulumuka amene akudziimba mlandu pa imfa ya mnzake, ndi abwino kuposa china chilichonse m'timabuku 16 toyambirira. Chodabwitsa n'chakuti m'kabuku komweko muli mlendo wochokera kudziko lina la mlengalenga yemwe akusandutsa a Avengers miyala ndi kamfuti kooneka ngati kamera. Chisoni chenicheni ndi nthabwala zachibwana zakhala moyandikana, ndipo olembawo sakuoneka kuti akuvutika nazo.

Zina ndi zongopyola. Nambala 5 ndi anthu a chiphalaphala ochokera pansi pa nthaka, palibe chogwira mtima. Nambala 6 ikubweretsa Baron Zemo, wa chipani cha Nazi amene chigoba chake chinamatirira kumaso ndi guluu wa sayansi yemwe anapanga yekha. Nambala 8 ikubweretsa Kang, wolanda maiko wochokera m'tsogolo. Kuyambira nambala 9 wojambula nthawi zambiri ndi Don Heck, ndipo diso limazindikira msanga. Anthu a Kirby amakhala ngati akufuna kutumphuka papepala, chibakera chimabwera cholunjika pankhope ya wowerenga. Heck amajambula bwino nkhope, masuti ndi anthu oyankhulana m'chipinda, koma ndewu zake n'zozizira. Kusiyanaku n'kwakukulu chifukwa cha mmene a Marvel ankagwirira ntchito: Lee ankapereka mutu wa nkhani mwachidule, wojambula n'kuikonza yonse m'zithunzi, kenako Lee n'kudzaikamo mawu. Ndiye kuti wojambula akasintha, wofotokoza nkhani wasinthanso. Mkangano woti mwini weniweni wa nkhani zimenezi ndani, pakati pa Lee ndi Kirby, unachokera pomwepa ndipo mpaka pano sunathe.

Sindikufuna kutikometsera timabukuti. Wasp, mkazi yekhayo m'gululi, ndi amene anatcha dzina la Avengers, komabe nthawi zambiri Lee amangomupatsa mawu osirira maonekedwe a Thor kapena okhudza zodzoladzola. Anadikira mpaka 1982 kuti akhale wapampando. Anthu a kumpoto kozizira amene anayamba kupeza Captain America m'madzi oundana, a Avengers asanamupeze, akujambulidwa akumugwadira ngati fano, ndipo anthu a m'nkhalango ya ku South America komwe Zemo anabisala akuoneka ngati akapolo opanda mawu. Mwana wa ku New York wa nthawi imeneyo mwina sankaziona, koma ife amene tikudziwa mmene mabuku akunja ankajambulira makolo athu timaziona msanga. Black Panther, mfumu ya Wakanda, anadzatulukira mu Fantastic Four mu 1966 ndipo analowa Avengers pa nambala 52, mu 1968.

Ndiye pakubwera nambala 16, ya Meyi 1965. Zemo wafa pa nambala 15, atakwiririka ndi miyala. Captain America akubwerera wapansi kuchokera m'nkhalango, ndipo ali m'njira, kunyumba zinthu zikusintha. Thor wapita kwawo ku Asgard. Iron Man, Giant-Man, yemwe ndi Ant-Man uja atayamba kukula m'malo mochepa, ndi Wasp akuti atopa, akufuna kupuma. Chifukwa chenicheni chinali muofesi: ngwazi zimenezi zinali ndi nkhani zawozawo mwezi uliwonse, ndipo zinkavuta kufotokoza kuti Thor angakhale bwanji ku Asgard m'kabuku kena, ali ku New York m'kabuku kenanso.

Olowa m'malo awo ndi amene amandisangalatsa. Onse atatu anali zigawenga. Hawkeye, woponya mivi, anali mdani wa Iron Man. Pofunsira malo akuthyola nyumba ya Stark, kumanga wantchito wa m'nyumbamo, Jarvis, kenako kudula zingwezo ndi mivi kuti aonetse luso lake. Quicksilver ndi mlongo wake Scarlet Witch anali m'gulu la Magneto lolimbana ndi X-Men, ndipo iwowa akungolemba kalata yofunsira ntchito ali ku Ulaya. Chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi itatu chiyambire, palibe ndi mmodzi yemwe mwa oyambitsa asanu aja amene watsala.

Captain America, yemwe anachita kutoledwa m'nyanja, ndi amene akusiyiridwa gulu. Alibe nyundo ya Thor kapena chovala chachitsulo cha Stark, ali ndi chishango basi ndi achinyamata atatu omwe anthu a mumzinda sakuwakhulupirira. Ndipo kungoyambira nambala 17, Hawkeye akuyamba kumuderera kuti ndi nkhalamba yotha ntchito, kuti mpando ukuyenera iyeyo.