Amalipira kuti akazizidwe kuphiri, ife Dzalanyama tikumuotcha makala

Mwezi wa Januwale, pamene ife a kwa Kabudula tili kalikiliki kubandira chimanga ndi kuthyola fodya woyamba, ku Japan kumatsika alendo a mtundu wina. Amachokera ku Australia, ku America ndi ku Ulaya atanyamula matabwa awiri ataliatali omanga kumapazi, ndipo chimene amalondola ndi chipale chofewa chimene chagwa usiku, chomwe sichinapondedwe ndi munthu. Malo okonzedwa bwino otsetserekera, okhala ndi mipando yoyenda pachingwe yokweza anthu pamwamba, alipo ambirimbiri m'dzikomo. Koma alendo awa amawalambalala. Amalemba ganyu munthu wodziwa phiri kuti apite nawo kuseri, m'nkhalango, kumene kulibe msewu, kulibe mpanda, kulibenso wokutola ukagwa.

Mwana wa mchemwali wanga, yemwe akuphunzira za ulimi m'chigawo cha Nagano, adalowa nawo m'gulu lotere n'kutitumizira kanema pa WhatsApp. Tidaonera pakhonde ku Nsaru, foni ili m'manja mwa agogo ake. Mnyamatayo amaoneka maso okha, thupi lonse litakutidwa, akusambira m'zinthu zoyera zofika m'chiuno.

"Ufa wonsewu akungopondaponda?" adatero agogowo. Atamva kuti si ufa koma madzi ouma ndi kuzizira, adafunsa funso lanzeru kuposa onse amene tidali pamenepo: "Ndiye akumulipira zingati kuti azizunzika chonchi?"

"Ayi mayi, wolipira ndi iyeyo."

Adandibwezera foni osanena kanthu.

Chipale cha ku Japan chidatchuka chifukwa cha mphepo. Mphepo yozizira kwambiri imachokera ku Siberia, imawoloka nyanja ya pakati pa Russia ndi Japan ikutola chinyezi, ndipo ikagunda mapiri a ku Hokkaido ndi a ku Nagano imakhuthula zonse. Ku Niseko, pafupi ndi phiri la Yotei lotalika mamita 1,898, chipale chogwa m'nyengo imodzi chimatha kufika mamita 15. Chimakhala chopepuka, chosaumbika m'manja, ndipo amene adatsetserekapo amati munthu amangomva ngati akuyandama. Kuti ukafike pamwamba umakwera wekha. Kunsi kwa matabwa aja amamatako nsalu yaubweya yoletsa kubwerera m'mbuyo, ndiye gulu limandandalikana kumbuyo kwa wotsogolera, kukwera maola angapo kuti likatsike mphindi zochepa chabe.

Ine chidandigwira mtima si kutsetserekako ayi, koma bambo amene amayenda patsogolo. Asananyamuke adaonetsetsa kuti aliyense wavala pachifuwa kachipangizo kotumiza chizindikiro, ali ndi fosholo m'chikwama komanso ndodo yaitali yopinda yofufuzira munthu wokwiririka. Atafika pamalo ena otsetsereka kwambiri adaimitsa gulu, n'kukumba dzenje m'chipalemo, n'kumagogoda ndi dzanja kuti aone ngati chogwa dzulo chagwirana ndi chakale chapansi. Sichidagwirane. Adawabweza n'kudzera kwina, ngakhale ena amang'ung'udza kuti ndalama zawo zikupita pachabe. Chipale chikagumuka chimatsika ndi liwiro loposa la minibasi, ndipo munthu akakwiririka, mphindi 15 zikangodutsa mwayi womupeza wamoyo umachepa kwambiri. Pa 27 Malichi 2017 ku Nasu chidakwirira ana asukulu ya sekondale asanu ndi awiri pamodzi ndi mphunzitsi wawo, onse n'kufa. Mu Januwale 2023 chidapha Kyle Smaine wa ku America, katswiri amene adakhalapo woyamba padziko lonse pa mtundu wina wa masewera otsetsereka pachipale, komweko ku Nagano. Choncho chimene alendo amagula kwa wotsogolera si njira yokha. Amagula maso a munthu amene wakhala ndi phirilo zaka zambiri, wodziwa tsiku loti ayi.

Tisaganize kuti anthu a m'mapirimo adabadwa akusekerera chipale. Masewerowa adalowa m'dzikomo mu 1911, msilikali wa ku Austria dzina lake Theodor von Lerch ataphunzitsa asilikali a ku Takada. Kwa mlimi wamba chipale chidali tsoka la chaka ndi chaka. Chimatseka njira, chimagwetsa madenga, ndipo amuna ambiri amasiya mabanja m'nyengo yozizira kukagwira maganyu m'mizinda mpaka chitasungunuka. Lero zidzukulu zawo zikudyera chomwecho. Mpikisano wa Olimpiki wa m'nyengo yozizira udachitikira ku Sapporo mu 1972 ndi ku Nagano mu 1998, ndipo midzi ngati Hakuba idadziwika padziko lonse.

Pa chakudya ndiye mpamene mphwangayo adandiseketsa. Ine ndimayembekeza nkhani ya nsomba zosaphika imene aliyense amaidziwa. Koma atatsika kuphiri, atasamba m'kasupe wa madzi otentha, pa nyumba ya alendo adawaikira timbale tambirimbiri, ndipo m'kambale kena mudali ziwala. Ziwala zenizeni, za m'minda ya mpunga, zophikidwa ndi shuga ndi msuzi wa soya mpaka kuda. Amazitcha inago. M'kambale kena mudali ana a mavu. M'mawa adamupatsa natto, soya wowiritsa amene amamusiya kuti asase mpaka anande, kuti ukatapa ulusi umatsatira mpaka kukamwa. Azungu amene adali nawo amatsinzina pomeza, ena kujambula zithunzi.

"Malume," adandiuza pafoni, "ine ndidangopempha china. Munthu wokulira therere la denje angaope zimenezi?"

Nagano ndi chigawo cha mapiri chosakhudza nyanja. Kale nsomba za m'nyanja zimafikako movutikira, mpunga sumachita bwino m'malo okwera, ndiye anthu amadya chimene chilipo: ziwala, ana a mavu, bowa, masamba akutchire, ndi soba, chakudya chopangidwa ndi ufa wa mbewu yopirira nthaka yosauka. Zidali zakudya za umphawi. Sadazitaye atalemera. Adazikonza bwino, kuziika m'timbale tokongola, n'kumuuza mlendo kuti kwathu kuno timadya izi, lawani. Bowa wawo wina, matsutake, womera pansi pa mitengo ya paini ndipo salimidwa, ndi mmodzi mwa bowa wokwera mtengo kwambiri padziko lapansi. Mu 2013 bungwe la UNESCO lidaika kaphikidwe ka ku Japan pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Nsima yathu idalowa pa mndandanda womwewo mu 2017. Koma taonani zimene timachita mlendo akafika pakhomo kwa Kalolo kapena ku Nambuma. Mwana amathamangitsidwa kukagula mpunga ndi zoziziritsa kukhosi, nkhuku imagwidwa ngakhale ili yomweyo, ndipo mphika wa nkhwani wotendera umakankhidwira kuseri kwa nkhokwe. Zikakanika, mayi amafika atagwada: "Pepani alendo, ndiwo zake ndi zomwezi." Akupepesa chifukwa cha chipere, futali kapena mfutso wothira nsinjiro za mtedza wa kwa Kabudula, zinthu zimene sungazipeze m'hotela iliyonse ya mumzinda. Kuphera mlendo nkhuku ndi ulemu, sindikutsutsa, ndipo ine ndemwe sindikana ntchafu. Chimene ndikudana nacho ndi manyazi aja. Achinyamata a ku Japan ogwira ntchito mongodzipereka akhala akubwera kuno kuyambira 1971, kuphunzitsa masamu m'sukulu zathu ndi kuthandiza m'zipatala, ndipo akhala akudya nsima ndi manja m'midzi yathu osadandaula. Soya amene alimi a ku Nsaru amagulitsa kwa mavenda pamtengo wolira nawo ndi mbewu yomweyo imene anzathuwo amapangira miso, tofu ndi natto. Ife tikapyola pa phala la Likuni ndi nyama ya soya ya m'mapaketi, nzeru zatha.

Phiri nalo tili nalo. Ukaima pa Namitete kapena pa Mpingu n'kuyang'ana kumwera, mzere wobiriwira motuwa umene ukuoneka chapataliwo ndi Dzalanyama. Boma lidaika nkhalangoyi m'gulu la zotetezedwa mu 1922, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi mahekitala 99,000. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'menemo, kudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndiye kuti aliyense wotsegula mpopi mumzinda akumwa Dzalanyama. M'mapiri omwewo ndimo muli Kaphirintiwa, pamene makolo athu Achewa amati anthu oyamba ndi nyama adatsikira n'kusiya mapazi pathanthwe, komanso Msinja, kachisi wa Makewana kumene amapempherako mvula. Alendo okonda mbalame amachoka kutsidya kwa nyanja kudzafuna mitundu ina ya gogomole ndi mbalame zina za m'nkhalango za miombo zosapezeka wamba.

Ndani amaidziwa nkhalangoyi kuposa wina aliyense? Si ofesala wokhala mu ofesi ku Lilongwe. Ndi mnyamata amene timakumana naye m'bandakucha akukankha njinga ya matumba atatu a makala, thukuta lili kamukamu, mabuleki ake ali chidutswa cha tayala. Iyeyo amadziwa khwawa losaphwa mu Okutobala, phanga lobisalamo mvula, njira yachidule yotulukira ku Mozambique, mtengo wa njuchi, ndi malo amene mwala umaterera. Amayenda m'menemo usiku wopanda tochi. Ndi amayi amene mvula ikangogwa amalawirira ndi malichero kukazula ndelema ndi utale, amene akangotembenuza bowa n'kununkhiza amadziwa kuti uyu ndi wa mumphika, uyu ndi wa kumanda. Chaka chilichonse timamva za mabanja ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha bowa wolakwika, ndiye musandiuze kuti nzeru ya amayiwa ndi yochepa kuyerekeza ndi ya bambo wokumba dzenje m'chipale uja. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku Nagano ali ndi chiphaso, mtengo wodziwika ndi dzina pa intaneti. Wathuyu ali ndi mlandu.

Boma lidatumiza asilikali m'nkhalangoyi mu 2015 kuti akathamangitse owotcha makala. Mu 2016 bungwe la ku Japan la JICA lidayamba ntchito yothandiza nthambi ya za nkhalango ndi Lilongwe Water Board kuteteza Dzalanyama. Zonsezo n'zofunika. Koma munthu ukamulanda nkhwangwa osamupatsa china chogwira, mawa amabwereka ya mnzake.

Kuti kulondolera alendo kungakhale ntchito m'Malawi muno sitifunika kukaonera kutali. Ku Mulanje, pa Likhubula, anyamata ali ndi bungwe lawo la otsogolera ndi onyamula katundu, ali ndi mitengo yoikika, ndipo amadyetsa mabanja pokweza anthu pa Sapitwa, mamita 3,002. Kufunika kwawo kudaoneka momvetsa chisoni mu 2009, pamene Gabriel Buchmann wa ku Brazil adasiyana ndi womutsogolera n'kupitirira yekha, ndipo mtembo wake udapezeka patadutsa milungu. Dzalanyama alibe nsonga yotchuka ngati Sapitwa, koma ali ndi chimene Mulanje alibe: likulu la dziko lili pakhomo pake, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 okha.

Ndikudziwa zimene ena anene, ndipo akunena zoona. Owotcha makala ndi ochuluka zedi, pamene ntchito ya kutsogolera alendo ingatenge ochepa. Bola mumzinda akuphikirabe pambaula, matumba aja sasiya kuyenda. Misewu yolowera kunkhalango imavuta nthawi ya dzinja, yomwenso ndi nthawi ya bowa. Malo ngati Kaphirintiwa ndi Msinja si bwalo la masewero, ali ndi eni ake ndi miyambo yake, ndipo palibe ayenera kupita ndi alendo kumeneko mafumu asanalole. Koma anyamata makumi awiri okha amene chakudya chawo chikudalira kuti mtengo wa msuku ukhale chiimire ndi alonda abwino kuposa galimoto ya asilikali yobwera mwa apo ndi apo, chifukwa wodula mtengoyo ndi msuweni wawo ndipo amadziwa kumene amagona.

Komanso tisamangodikira mzungu. Anthu a ku Area 47 ndi ku Area 10 amawotcha mafuta Loweruka lililonse kupita ku Salima kukakhala pamchenga womwewo. Ana awo amatha kutchula mapiri a ku Ulaya koma sadaonepo msuku uli mumtengo. Ulendo wa tsiku limodzi, kunyamuka m'mawa, kuyenda ndi munthu wodziwa kutchula mtengo uliwonse ndi ntchito yake, kuzula bowa ndi amayi a m'mudzi wapafupi, masana n'kudya nsima ya mgaiwa ndi ndelema wotendera, ngumbi zokazinga ndi chipanda cha thobwa, ndi chinthu choti munthu wa pantchito angalipire mosanyinyirika. Sukulu za mumzinda zimene zimatengera ana kukaona ndege ku Lumbadzi zingathenso kuwatengera kumene kumachokera madzi amene amamwa.

A nthambi ya za nkhalango, a zokopa alendo, ndi inu mafumu athu a Kalolo, a Masula ndi a Masumbankhunda, khalani pansi mvula ya chaka chino isanathe. Sankhani anyamata ndi amayi odziwa nkhalangoyi, ngakhale amene mudawalandapo njinga, aphunzitseni chithandizo choyamba, apatseni ziphaso, ikani mtengo wodziwika pachipata. Ndipo inu owerenga, mlendo wotsatira akafika kwanu, nkhuku muphe ndithu, koma therere nalo lifike pamphasa popanda mawu akuti pepani.