Juzi nayo ili ndi nankafumbwe wake

Mwezi wa Juni ukangolowa, ife a kuno ku Rumphi timadziwa kuti nkhondo ya chisanu yayamba. Mphepo yotsika ku Nyika, komwe nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600, siisankha wa ku Bolero, Mhuju kapena Nchenachena. Nyengo yomweyi ndi pamene ndalama za fodya zimabwera kuchokera ku okushoni ya ku Mzuzu, ndipo pa kaunjika pamadzaza ogula majuzi ndi mabulangete.

Tsono funso langa nali: kodi juzi yomwe munagula chaka chatha ili kuti?

Mlimi amene amayanika chimanga mpaka chiume, kuthira mankhwala ndi kusoka matumba mosamala, ndi yemweyo amene amaponya juzi yathukuta pansi pa bedi kukayamba kutentha. Pofika Meyi amaipeza itabooka ngati sefa, n'kumanamizira makoswe. Alimi anzanga, kumeneko n'kutaya ndalama ya feteleza.

Choyamba dziwani chomwe mwagula, paja safunsa anadya phula. Sololani kaulusi m'kati mwa juzi ndipo kayatseni ndi machesi. Ubweya weniweni wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopserera ndipo phulusa lake limafumbutuka. Ulusi wa pulasitiki umasungunuka n'kusiya kambulu kolimba. Wa thonje umanunkha ngati pepala lopsa. Nkhosa zathu zamakolo sizipereka ubweya wolukira. Wambiri umachokera ku maiko monga Australia ndi South Africa, choncho mukapeza juzi yaubweya weniweni mwatola chinthu cha mtengo wapatali.

Mdani wamkulu wa ubweya ndi njenjete. Imene imadya si youlukayo ayi, koma mphutsi zoswedwa m'mazira ake. Mphutsizi zimakonda mdima ndi malo amene mwatsalira thukuta kapena msuzi. Chovala chosungidwa ndi litsiro chili ngati chimanga chosungidwa chosauma.

Mdani wachiwiri ndife eni ake. Juzi si ovolosi yoti n'kumenyetsa pa mwala ku mtsinje. Madzi otentha ndi kufikisa mwamphamvu zimachititsa kuti ubweya ukolanekolane, ndipo juzi ya bambo imasanduka ya mwana wa Sitandade 3. Zikatero zatero, madzi akatayika sawoleka. Chapani m'madzi ozizira ndi sopo pang'ono, opanda soda kapena mankhwala oyeretsera. Finyani pang'onopang'ono osapotokola, kenaka iyaleni pa mphasa pamthunzi. Mukaikoleka pa chingwe ili yonyowa, kulemera kwa madzi kumaitalikitsa. Samalaninso poti ubweya umasunga chinyezi chambiri ngakhale ukumveka ngati wauma. Ipatseni tsiku lina lapadera musanaipinde, kuopa chuku.

Chisanu chikatha, chapani zonse, ziume, muziike m'ndowa ya chivundikiro chothina kapena m'thumba latsopano lomanga kukamwa. Kamodzi pa mwezi zitulutseni, muzikutumule ndi kuziika padzuwa kwa kanthawi, chifukwa mphutsi zimadana ndi kuwala. Kabowo kakaoneka, kasokeni tsiku lomwelo kasanakule.

Ena amathira Actellic m'zovala ati pofuna kupha njenjete. Chonde lekani! Mankhwala a m'nkhokwe sanapangidwe kuti azikhudza khungu usiku wonse. Timibulu toyera tonunkha tija natonso ndi poizoni, ndipo mwana akhoza kutiyesa maswiti. Maiko a European Union analetsa timibulu ta naphthalene mu 2008.

Ena anena kuti kaunjika ndi wotchipa, kuvutikiranji? Werengani anthu a pa banja lanu, muwerengenso majuzi amene mwagula zaka zitatu zapitazi. Ndalama imeneyo ikadagula mbewu kapena kulipira fizi. Zomwe tagula ndi thukuta la m'munda ndi zokolola ndithu. Tizisunge monga timasungira chimanga.